Funso Limodzi pa Tsiku

Ndiulule: satifiketi yanga ya uphunzitsi ili m'sutikesi, pansi pa matewera, koma chachikulu chimene ndinatola ku koleji sichinalembedwepo.

Ndinachoka kwathu kufupi ndi Mvera ndili mtsikana woleredwa bwino, ndiye kuti wosafunsa akuluakulu. Mlungu woyamba, popereka kope kwa aphunzitsi a masamu, ndinagwada. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Kuyambira pamenepo ndinkakhala kumbuyo, kumangolemba zonse, zambiri osazimva, dzanja osakweza.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anali wa ku Ntchisi, wolongolola ngati wailesi. Tsiku lina tikuchapa anati, "Iwe, udzagwada mpaka liti? Kuyambira mawa, funso limodzi pa tsiku m'kalasi. Ukalephera, nyama yako ya Lachitatu ndidya ine."

Nyama inkabwera kamodzi pa mlungu, ndipo anadyadi. Milungu iwiri ndinkangomuyang'ana akunyambita zala. Wachitatu ndinakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chimene timatembenuzira fulakishoni pogawa. Aphunzitsi akufotokoza, ndinaona ondiseka aja akulemba mwakachetechete. Nawonso sankadziwa.

Tsopano ndili ndi mwana wamkazi wa miyezi isanu ndi inayi, ndipo mantha onse abwerera. Akangoyetsemula, mtima umakhala m'mwamba. Mwezi watha ku sikelo ku Dowa, anamwino atamuyeza analemba kadontho pa khadi la mwanayo. Mzere umene unkakwera mwezi ndi mwezi unali utagona. Anandibwezera khadi osanena kanthu, poti amayi odikira anali atafika mpaka kumsewu. Ndinalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kuyamba kuchoka.

Apongozi anga, amene anandiperekeza, anati, "Tiyeni, pakanakhala vuto akanatiuza. Khadi la chipani mwatenga? Tidzera kumsika, ndipo kumeneko wopanda khadilo samulowetsa."

Ndinaima. Ndinamva ngati mnzanga wa ku Ntchisi uja akusuzumira m'mbale yanga. Ndinabwerera.

"Pepani amayi, mzerewu wagona chifukwa chiyani?"

Anamwino anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Mumamudyetsa phala lotani?"

"La ufa woyera, losefa bwino."

"Amenewo ndi madzi, mwana wanga. Muziphika la mgaiwa, muzithiramo nsinjiro, kanayi pa tsiku. Bere musamusiyitse."

Kumbuyo kwanga mayi wina anatambasula khadi la mwana wake, kenako winanso. Apongozi anang'ung'udza njira yonse kuti mwana wa mphunzitsi sangadye mgaiwa anthu akuona, koma titafika kunyumba ndinawapeza kuseri akusinja mtedza okha.

Dzulo tinapitanso. Kadontho kakwera, pang'ono pokha, koma kakwera. Ndinafunsa mafunso atatu, ndipo ndikuyamba lachinayi anamwino anandidula akuseka: "Aphunzitsi, siyirankoni anzanu."