Kalendala ya pa Chitseko cha Alangizi

Anthu ena akalowa m'nyumba yaikulu ya maofesi amayang'ana matailosi, ena makatani. A Kaulusi amayang'ana kumwamba. Ngakhale pa ukwati wa mwana wawo woyamba, anthu onse akuonerera mkwatibwi, iwo maso anali ku siling'i ya holoyo, akuwerenga timazenera ta mpweya n'kumapukusa mutu. Akazi awo anachita kuwatsina.

Ntchito yawo ndi yojambula njira za mpweya. Mukakhala mu ofesi nthawi yotentha n'kumamva kayaziyazi osadziwa kumene kakuchokera, kapena nthawi yozizira n'kungozindikira kuti mwavula jekete, dziwani kuti pamwamba pa siling'iyo padutsa mapaipi a malata, ndipo pali munthu amene anakhala pansi kuwerengera kukula kwa paipi iliyonse ndi pamene idzakhotere. Munthu wake ndi a Kaulusi. Dzinali linabwera chifukwa cha kaulusi kofiira kamene amamanga kunsonga kwa pensulo. Zipangizo zoyezera mpweya ali nazo, koma asanazitulutse m'chikwama amayamba akweza pensuloyo. Ulusi ukavina, mpweya ukuyenda. Ukangoti lende, pali mlandu. Ulusiwo amaba pa makina osokera a akazi awo, ndipo mayiwo anasiya kalekale kudandaula.

"Mpweya ndi waulesi," amatero a Kaulusi kwa aliyense amene walakwitsa n'kuwafunsa za ntchito yawo. "Ukaukhotetsakhotetsa, fani imavutika kuukankha, ndipo fani ikamavutika imadya magetsi ngati ilibe mawa." N'chifukwa chake mapaipi awo ndi oongoka, olumikizidwa mosadontha, okutidwa bwino kuti kuzizira kusathere kudenga. Nyumba imene ena akanaikamo makina aakulu awiri, iwo amaiziziritsa ndi amodzi. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ntchito, palibe nyumba yawo imene inapachikidwapo timabokosi toziziritsa tija mumationa pamakoma. Iwo amati timabokosi timeneti ndi zigamba, ndipo chigamba chimauza mtunda wonse kuti telala analephera.

Ndi munthu wokhutira ndi moyo wake. Kanyumba ali nako, ana anakula, tiyi amamwa wa masipuni atatu a shuga dokotala ataletsa. Chilema chawo ndi chimodzi, ndipo ndichinene poyera: mawu oti "ndalakwa" sanatulukepo pakamwa pawo. Akasochera pa msewu, wolakwa ndi amene anaika chikwangwani. Akazi awo amati tsiku limene adzamve mawu amenewa adzasoka diresi latsopano.

Ndiye Lolemba lina kunabwera foni. Anaimba ndi mwini nyumba ina ya nsanjika zinayi, imene a Kaulusi anaijambulira mapaipi chaka chathachi, ndipo ankainyadira kuposa zonse.

"Chipinda cha kumapeto pa nsanjika yachitatu chikutentha ngati uvuni," anatero bwanayo. "Ndaitanitsa kale kabokosi ka pakhoma. Akudzakapachika Lachisanu masana."

"Bwana, chigamba pa nyumba yanga?"

"Nyumbayo ndi yanga, bambo. Ngati muli ndi nzeru zina, muli ndi mpaka Lachisanu."

Tsiku limenelo tiyi anazizirira m'kapu. M'mawa mwake anapita kukatenga alamu awo, mchimwene wa akazi awo, mmisiri wa malata amene wakhala akuwapindira mapaipi zaka zonsezi. Awiriwa sangathe ola limodzi osanyozana, komanso sangagwire ntchito wina palibe.

M'chipinda cha kumapetocho munkakhala mayi wina wodekha, wa magalasi, amene antchito a m'nyumbamo ankangomutchula kuti alangizi. Anawalandira bwino, n'kutsegula chitseko chonse kuti makwerero alowe. Alamu aja anakwera, nayendetsa dzanja pa mfundo iliyonse ya paipi.

"Malata anga alibe mlandu, alamu. Mwina ndi masamu anuwa akalamba."

"Masamu sakalamba. Amakalamba ndi maso a wokhoma malata."

A Kaulusi anakweza pensulo pansi pa kazenera ka mpweya. Ulusi unavina bwinobwino. Anatulutsa choyezera, manambala anali omwe aja analemba pa pulani. M'chipindamo munali mozizira moti munthu akanatha kugona. Anachoka akung'ung'udza kuti anthu ena amangokonda kudandaula.

Asanafike n'komwe kunyumba, foni inalira. Chipinda chayambiranso kutentha.

Lachitatu anabwerera okha, opanda makwerero. Alangizi anawalowetsa, n'kutseka chitseko monga amachitira ndi mlendo aliyense. A Kaulusi anakweza pensulo. Ulusi unagwedera pang'ono, kenaka lende! Anatembenuka, ndipo ndi pamene anaona kuseri kwa chitseko, kumene dzulo lake kunali kutayang'ana kukhoma. Kazenera ka timipata kamene anajambula m'munsi mwa chitsekocho, kotulukira mpweya kupita mu kolido, kanali katamatidwa ndi kalendala yachikatoni, selotepi mbali zonse zinayi. Pansi pa chitseko panali thaulo lopindidwa.

Mtima unawaphulika. Masiku awiri akusowa mtendere chifukwa cha kalendala, ya chaka chatha n'kale!

"Mayi, mpweya sulowa m'chipinda chimene sungatulukemo! Mwatseka nokha pakhomo, ndiye mukuti makina anga ndi ofooka?"

Dzanja linali litagwira kale ngodya ya kalendalayo. Alangizi sanakweze mawu.

"Imatuleni, bambo. Mukatero mutuluke, mukaime mu kolidomo."

Anaimatula, natuluka, chitseko n'kutsekedwa. Ali chiimire panjapo anamva mawu a mayiwo, otsika ngati a munthu wopemphera, koma omveka lililonse: "Bambo a ulusi, kolala ya shati lanu yapindika."

Anakonza kolalayo, nalowanso mwakachetechete.

"Muno mumabwera anthu amene zawavuta," anatero alangizi. "Wina banja likutha, wina wamva zoipa kuchipatala, wina abwana ake akumuzunza. Amalira muno. Sabata yanga yoyamba, mtsikana wina wogwira ntchito m'nyumba ino anandiuza nkhani yake, pofika masana inali itafika pa nsanjika yoyamba. Sanabwerenso. Kutenthaku ndapirira miyezi isanu, ndipo ndipirirabe ngati kulibe njira ina. Koma kalendalayi ibwerera pamalo pake."

Ndipo anaimatanso iwo akuona.

A Kaulusi anachita manyazi, manyazi enieni ofika m'mafupa. Pa pulani chipindachi chinangolembedwa kuti ofesi. Anawerengera kukula kwake, dzuwa la pawindo, kutentha kwa kompyuta ndi kwa matupi a anthu awiri. Zoti anthu awiriwo azidzakambirana chiyani, sanafunse. Koma pakamwa pawo panangotuluka kuti, "Ndamva." Safunsa anadya phula, ndipo phula lake analimeza.

Lachinayi m'mawa anafika ku shedi ya alamu awo ndi pepala m'manja. Alamuwo analiyang'ana, nalitembenuza, naliyang'ananso. Panali paipi yaifupi, yotakata, yochoka mu siling'i ya chipinda kukatulukira mu siling'i ya kolido, yokhota kawiri ngati chigongono, m'kati mwake momatidwa chinkhupule.

"Alamu, mwadwala? Inu amene munandibwezera paipi yonse chifukwa inakhota pang'ono ngati nthochi, lero mukufuna zigongono ziwiri?"

"Mpweya wotuluka pang'onopang'ono m'paipi yotakata sudandaula ndi kukhota. Koma mawu akagunda pakona amamira m'chinkhupulemo. Pindani malata, nkhani zambiri ayi."

"Ndiye kuti pulani yoyamba ija inalakwika?"

"Inali yosamaliza."

Alamu aja anaseka mpaka anakhala pansi pa ndowa.

Lachisanu, nthawi ya tiyi isanakwane, paipi inali m'malo mwake. Kazenera ka pachitseko anakatseka ndi thabwa lochindikala, pansi pake n'kuikapo mphira, kalendala n'kupita m'bini. Chitseko chili chitsekere, a Kaulusi anakweza pensulo. Ulusi unavina. Alangizi anavula magalasi, natseka maso, kamphepo kakuwapita pankhope. Kabokosi kaja kanali katafika kale pansi, kali m'katoni yake, ndipo mwini nyumba anati kabwerera pokhapokha mayiwo atakhutira.

"Kuzizira ndakumva," anatero alangizi. "Tsopano tiyese zinazo. Amisiri, kaimeni panja, khutu pachitseko."

Alamu anatuluka. M'chipindamo munatsala awiri.

"Nenani kanthu, bambo. Osati wani, thuu, fili. Nenani chimene simungafune kuti alamu anuwo amve, ndipo muchinene mokweza."

A Kaulusi anayang'ana chitseko, nayang'ana paipi yawo yokhota kawiri ija. Ankaikhulupirira. Anakonza kukhosi.

"Ndinalakwa ndine, mayi. Mtsikana uja ndinamuulula ndine, ndi kazenera kanga. Pepani."

Alangizi anangogwedeza mutu, monga amachitira ndi aliyense wokhala pa mpando umenewo. Kenaka anatsegula chitseko, alamu n'kutsala pang'ono kugwera m'kati.

"Mwamvapo chiyani?"

"Olo kanthu! Ndimayesa mwakomoka. Mwati chiyani, alamu?"

"Ndimawerenga manambala."

Alamuwo anatembenukira kwa mayi aja. "Zoona, mayi?"

"Za muno zimathera muno," anatero alangizi, akuvala magalasi awo. Anatenga foni, nauza mwini nyumba kuti kabokosi kabwerere. Atatero anaimbanso nambala ina ya m'nyumba momwemo, ndipo a Kaulusi, akupinda makwerero, anamva mayiwo akuti, "Mwanawe, ukapeza mpata ubwere. Chitseko chija akonza."

Diresi lija mpaka lero silinasokedwe.