Madisiki Amene Ndinatsekera M'kabati

Ndinagwira ntchito yotaipa makalata pa ofesi ina ya boma ku Chama kwa zaka zambiri. Makina anga otaipira anali achikale, ndipo chilembo cha "m" chinkatuluka chopendekeka. Kalata iliyonse yochokera kwathu inkadziwika ndi chilembo chimenecho mpaka ku Chipata.

Chakumapeto kwa m'ma 1990 boma linkachepetsa antchito. Mwezi uliwonse tinkamva kuti uje walandira kalata. Ine ndinali ndi ana atatu m'nyumba ya boma, choncho chilichonse chachilendo ndinkachiyang'ana cham'mbali.

Kenaka kunabwera kompyuta kuchokera ku Lusaka, pamodzi ndi bambo wina wovala tayi pa dzuwa la Okutobala. Atailumikiza ku jenereta, anandipatsa kabokosi ka madisiki.

"Amai, mapulogalamu ali umu ni aulele," anatero. "Boma ifuna muzipatsako aliyense. Akusukulu, akuchipatala, akopele chabe. Olo munthu atsegule mukati asinthe, palibe mulandu."

"Manje nisaine pati?"

"Palibe kusaina."

Apo m'pamene mtima wanga unakana. Boma lomwe linkatisainitsa polandira pensulo imodzi, lero lingopereka chinthu popanda pepala? Ndinaganiza kuti ndi msampha, akufuna aone amene amamwaza katundu wa boma kuti amuchotse mosavuta. Bamboyo atangokwera galimoto, ndinatsekera kabokosiko m'kabati, kiyi n'kumanga ku nsonga ya chitenje.

Kompyutayo nayo sindinaikhulupirire. Ndinkaiganizira kuti imawerenga zolakwa zanga n'kuzisungira a ku Lusaka. Jenereta ikalira ndinkaiyatsa kuti abwana aone kuwala, koma makalata onse ndinkataipa pa makina anga akale. Poweruka ndinkaivindikira ndi nsalu, osati chifukwa cha fumbi lokha.

Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wa ku sekondale, atayenda wapansi dzuwa lili pamutu. Anali munthu waulemu, ndipo mwana wanga woyamba anali m'kalasi mwake.

"Amai, namva kuti muli na madisiki aja. Nipempha nikopeleko. Ife kompyuta tili nayo, koma ilibe kanthu mukati."

"Aphunzitsi, mwabwela na kalata?"

"Kalata ya chani? Ni zaulele."

"Ndiye zaulele zamene nikuopa."

Anaseka, ine osaseka. Anabweranso kawiri, kachitatu anangoima pakhomo n'kubwerera. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Mvula itatha, bambo wa tayi uja anabwera kudzaona momwe ntchito ikuyendera. Anafunsa kuti madisiki afika m'maofesi angati. Ndinamasula kiyi monyadira, n'kumuonetsa onse ali m'malo mwake, pulasitiki yake yosang'ambika. Ndinkayembekeza kuyamikiridwa. Iye anangondiyang'ana, kenaka anayang'ana abwana, n'kulowa nawo mu ofesi yawo. Chitseko anatseka.

Panapita miyezi iwiri. Lolemba lina m'mawa ndinapeza mpando wanga utasunthidwa, riboni ya makina itapindika molakwika. Ndinakalipa ndithu, chifukwa makinawo sindinkalola munthu kuwagwira. Abwana anandiitana, maso ali pa tebulo, n'kundipatsa envelopu.

Kalatayo inati ofesi ikufuna munthu wogwiritsa ntchito kompyuta, ndipo ine ndaonetsa kuti sindikufuna kuphunzira. Ntchito yatha, m'nyumba ya boma ndituluke pakatha miyezi itatu. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati madisikiwo anali msampha kapena ndinautchera ndekha.

Kalatayo ndinaiwerenganso kachiwiri nditakhala pansi. Abwana nawonso kompyutayo sankaidziwa. Anabwera Loweruka, ine kulibe, n'kukhala pa mpando wanga. Kuyambira pa dzina langa mpaka m'munsi, "m" aliyense anali wopendekeka.