Womvera mmodzi ku Vubwi

Chaka chimene ananditumiza ku Vubwi kukagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya kampani, ndinali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zamalonda pa yunivesite. Ndinkaphunzira ndili kunyumba. Mabuku ankabwera pa foni, ndipo kusukuluko tinkapitako kawiri kokha pachaka. Kwathu ndi ku Katete. Ku Vubwi sindinkadziwa munthu, kupatula amayi ena amasiye amene anandichititsa lendi kachipinda kuseri kwa nyumba yawo.

Buku lililonse linkayamba ndi tsamba la zolinga, zinthu zimene wophunzira ayenera kukhoza akamamaliza. Anzanga ankangolidumpha tsamba limeneli. Ine ndinkaliwerenga mobwerezabwereza, mwina chifukwa panalibe mphunzitsi pafupi woti andiuze ngati ndikuyenda bwino. Kumvetsa mmene msika umayendera, ndinkati ndikutha. Kuchita malonda mwachilungamo, ndinkayesetsa tsiku lililonse m'sitolo muja. Koma panali cholinga chimodzi chimene chinkandiopsa: kulankhula pamaso pa anthu momveka bwino, mpaka iwo agwirizane ndi maganizo ako.

Mwezi wa Novembala anatipatsa ntchito yake. Aliyense ajambulitse pa foni akulankhula kwa mphindi khumi, m'Chingerezi, pamaso pa anthu osachepera asanu. Anzanga a ku Lusaka ndi ku Chipata anayamba kuonetsana zawo pa gulu lathu la pa foni, atavala masuti, anzawo a kuofesi akuwaombera m'manja. Ine ndinasankha kulankhula za mtedza, poti ndi umene ndinkaona ukudutsa pa njinga tsiku ndi tsiku.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinaima pakhomo n'kupempha amayi angapo a chigwirizano kuti adzandimvere ndikulankhula. Ndinachita manyazi, chifukwa ambiri ankangondidziwa kuti ndine wa kusitolo ya mbewu. Koma anavomera mwaulemu. Tinapangana Lachitatu madzulo. Ndinabwereka mabenchi awiri kutchalitchi konko n'kuwaika pansi pa mtengo wa mango pabwalo la nyumba.

Lachiwiri kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu. Lachitatu m'mawa sitolo inadzaza, ndipo ena mwa amayi aja ndinawagulitsa mbewu ndi manja anga. Onse ankathamangira kumunda. Ndinadziwa pomwepo kuti sabwera, komabe nditaweruka ndinasita malaya, ndinapukuta mabenchi, n'kukhala pansi ndi mapepala anga. Ndinadikira ola lathunthu. Sindinawakwiyire. Ndine mwana wa mlimi, ndimadziwa kuti chinyezi sichidikira munthu.

Amayi eni nyumba sanapite kumunda chifukwa mwendo wawo unali wotupa. Anali khale pakhonde, akundiyang'ana.

"Alendo anu aja ali kuti?" anandifunsa.

"Akubzala, amayi."

"Nanga za kusukuluzo zitha bwanji?"

Ndinawauza kuti tsiku lomaliza kutumiza linali mawa lake. Anadzuka movutikira, anatsimphina mpaka pa benchi, n'kutambasula dzanja. "Bweretsani foniyo. Mundionetse pogwira."

Ndinalankhula mphindi khumi zonse, monga mmene ndinaloweza. Iwo anagwira foni ndi manja awiri, osagwedezeka, nkhope ili nganganga ngati ali pa ulaliki. Nditamaliza anandibwezera.

"Mwalankhula bwino ndithu," anatero. "Koma mumati chiyani?"

Ndinayamba kuwafotokozera m'Chichewa, ndipo ndinakakamira. Mawu a m'buku aja ndinkawadziwa mmene amalembedwera, koma kuti ndiwauze munthu wa pamudzi tanthauzo lake, lilime linkalemera. Ndinazungulirazungulira. Pomaliza ndinati, "Ndimati alimi asamagulitse mtedza wonse akangokolola. Azisunga, adikire mtengo ukwere."

"Basi? Nthawi yonse ija mumanena zimenezo?"

"Inde, amayi."

Anasisita bondo lawo. "Nanga mwana akadwala mwezi womwe mwakololawo, nayenso adikire?"

M'mapepala anga munalibe mwana wodwala. Iwo sanafune kundichititsa manyazi, anangofunsa poti anafuna kudziwa, ndipo kenaka anandipempha kuti ndiwagwire dzanja abwerere pakhonde.

M'mawa mwake ndinakwera kachitunda kakuseri kwa msika, pamene netiweki inkagwira bwino, n'kutumiza kanema uja mmene analili. Funso lawo silinajambulidwe, foni inali itazimitsidwa kale.

Zotsatira zinabwera patatha masabata atatu. Ndinakhoza, koma pang'ono chabe. Mphunzitsi, amene sindinamuonepo nkhope, analemba mizere iwiri: kuti mfundo zanga zinali zomveka, koma omvera sanakwane.

Ndinafuna kuwauza amayi eni nyumba aja kuti takhoza. Koma mwana wawo wamkazi anali atabwera kudzawatenga sabata lapitalo, kupita nawo ku Malawi kuti akaonetse mwendo kuchipatala, ndipo nyumba yaikulu inali yokhoma. Ndinaganiza zoimbira kwathu ku Katete, koma ndikanayamba kufotokoza kuchokera pati? Ndinawerenganso mizere iwiri ija nditaima pabwalo, ndinaika foni m'thumba, n'kupita kukatsegula sitolo.