Galimoto Imene a Jailosi Sanagule

A Jailosi Kachingwe anakhala zaka khumi ndi zisanu pakati pa mzinda wa Toronto osagula galimoto, ndipo sanaisowe. Kufamase komwe ankagwira ntchito yogulitsa mankhwala, kumsika, kutchalitchi, konseko ankapita wapansi. Atapuma pantchito, mwana wawo Hilda anawatengera kwake ku Markham, komwe ngakhale mchere umakagulidwa pa galimoto.

Chaka chisanathe, shuga anakwera. Dokotala sanapsatire mawu: aziyenda ola lathunthu tsiku lililonse, apo ayi ayamba kudzibaya jakisoni pamimba. Mkulu ameneyu, wogulitsa majakisoni zaka zonsezo, ankaopa singano ngati mwana.

Chinawavuta ndi ulemu wa anthu akwathu. Ku Markham munthu wamkulu akaoneka wapansi ndiye kuti kunyumba kwavuta. Akangoyenda mphindi zisanu galimoto inkaima, Mmalawi kaya Mzambia n'kutsitsa galasi: “Ankolo, kwerani ndikudropeni.” Akafotokoza za shuga, chisoni cha woyendetsayo chinkangokula, mpaka kutsika kudzawatsegulira chitseko. Ungakane bwanji munthu atakupindira mawondo? Ankakwera. Tsiku lina anabwezedwa kunyumba katatu, Hilda n'kulandira mafoni omudzudzula kuti akuzunza bambo ake.

Nzeru inadza atatola kiyi wakale wa galimoto m'dirowa ya mkamwini wawo. Anakwera basi mpaka kumashopu aakulu, n'kuyamba kuzungulira pabwalo loimikapo magalimoto, kiyi ali m'mwamba, nkhope ili ndwii, ngati munthu woiwala pomwe waimika yake. Palibe anawavutitsa. Anayenda choncho milungu itatu, shuga n'kuyamba kutsika, ndipo chisamukireni anali asanasangalalepo chotero.

Loweruka lina anapezedwa ndi a Norbert a ku Chipata, mkulu wa kwaya ya kutchalitchi kwawo. Ataona kiyi anakondwa kuti m'bale wagula galimoto tsopano, n'kuwakweza kuti aisake limodzi. Anazungulira maola awiri, a Jailosi ali pampando, lamba pachifuwa. A Norbert anaimbira foni akwaya anzawo, kunabwera magalimoto anayi. Atafunsidwa mtundu wake, a Jailosi anati ndi yofiira, misozi n'kulengeza.

A Norbert anawagwira paphewa.

“Musalire, ba Jailosi, mwina aba. Tagawana kale masiku okunyamulani. Mpaka ipezeke, phazi lanu silipondanso pansi.”