Mmene Ndinaphunzirira Kudula Atate Mawu

Mayeso a opaleshoni ndinalephera ulendo woyamba chifukwa cha moni. Anthu amaseka ndikawauza, koma ine sindinaseke. Mayesowo ndi ochita ndi manja: umalowa m'kachipinda, n'kupeza wodwala pabedi, mphunzitsi ali pakona ndi pepala lake, ndipo uli ndi mphindi zisanu ndi zitatu zokha kuti ufunse, uyeze, unene chimene wapeza. Belu likalira umatuluka, kaya wamaliza kaya ayi.

M'kachipinda kachitatu ndinapeza mdala wa ku Kasenengwa wodwala m'mimba. Ndinamupatsa moni, iye n'kufunsa kwathu. Nditati ku Chiparamba, anadzuka n'kukhala tsonga. Kumeneko anali ndi mlamu, mlamuyo anali ndi ng'ombe, ng'ombezo zinali ndi mbiri yake. Ine ndinangoima manja kumbuyo, "inde, inde," monga anandilerera. Belu linalira mimbayo ndisanaikhudze n'komwe.

Mphunzitsi sanandibisire. "Ulemu uli nawo, koma ulemu suyeza mimba. Watsala ndi mwayi umodzi. Ukalepheranso, ulongedze."

Ndinayesa kukonzekera ndi anzanga ku koleji, wina akukhala wodwala, wina dokotala. Zinali zachabe. Mnzako ukamufunsa kuti pakupweteka pati, amaloza pomwepo, chifukwa buku analiwerenga. Wodwala weniweni sayankha choncho. Ine ndimafuna munthu wolongolola, wamkulu, amene ndimamuopa. Kuchokera ku Chipata mpaka kumudzi kwathu, munthu woteroyo ndimadziwa mmodzi yekha: atate anga, katekisiti wopuma, amene ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji uyambe wapeza pokhala.

Ndinafika kumudzi kutatsala sabata imodzi, anthu ali pakalikiliki kukumba mtedza. Tinayala mphasa pabalaza. Amayi anatenga foni yanga kuti aziona nthawi, ndipo njinga tinailowetsa m'nyumba kuti aziliza belu lake. Atate anasangalala ngati awaitana kukalalikira pa ukwati. Anavula malaya, n'kuwapinda bwinobwino.

"Atate, m'mimba mwayamba liti kupweteka?"

"Eya, funso labwino. Ukukumbuka chaka chija feteleza anabwera mochedwa?"

"Inde, atate."

"Si chaka chimenecho ayi. Chinacho."

Belu ngrii! Amayi anali atagwira nthiti ndi kuseka.

Tsiku lachiwiri zomwezo. Lachitatu ndinafika powagoneka, koma dzanja langa lisanafike pachiwindi anali atayamba za msewu wa ku Chipata mmene unalili kale. Mawu owadula ndinali nawo, ndimawaloweza popita kudimba, ndimawanena kwa mbuzi, koma ndikangoona nkhope yawo ndimalephera kuwanena. Mtima sunali m'malo. Chakudya sichimalowa, ndimakhala pansi n'kudzukanso, ndimayenda kuzungulira nkhokwe ndikuwerenga mphindi ndi pakamwa. Ndinayamba kupsera mtima aliyense, ngakhale tambala. Ndinkadziona nditabwerera kumudzi ndi chikwama changa, anthu akunditchabe adokotala mondiseka mpaka imvi.

"Iwe ukuopa chiyani?" anatero amayi tikuthothola mtedza. "Atate akowa chikwatirane nawo palibe anawadulapo mawu. Ine ndinayesa, ndinalema. Manje ndiwe wasukulu, yesako."

"Nanga akakwiya?"

"Akakwiya adzakwiya, ukakhoze mayeso. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

Tsiku lomaliza linali Lamlungu, titachokera ku tchalitchi. Mawa lake ndimayenera kukwera basi. Ndinasamba m'manja, ndinapereka moni wachidule monga amafunira aphunzitsi, ndinafunsa funso langa. Atate anayang'ana kudenga kanthawi. Tsiku limenelo sanayambe ndi nthabwala.

"Atate anga, agogo ako, mimba inawatupa chonchi," anatero akuonetsa ndi manja. "Ine ndinali ndi zaka zochepa kuposa iwe. Tinawakweza pangolo kupita nawo kuchipatala ku Tamanda. Tili m'njira anandiitana, n'kundigwira dzanja, n'kunena kuti..."

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Pa nkhani zawo zonse zimene amabwereza chaka ndi chaka, za imfa ya agogo sanatchulepo. Ndinadziwa pomwepo kuti iyi si ya masewera athu. Koma diso langa linali pafoni m'manja mwa amayi, ndipo mphindi ziwiri zinali zitapita.

"Atate, imani kaye. Gonani chagada, mupinde maondo."

Mawuwo anatuluka olimba kuposa mmene ndimafunira. Atate anandiyang'ana pakamwa pali yasa, kenako anatseka, n'kugona. Ndinayeza mimba yonse mwadongosolo, kuyambira kumene sikupweteka, ndinaigogoda ndi zala, ndinamvetsera. Ndikati pumani, amapuma. Ndikati khosomolani, amakhosomola. Ndinanena zimene ndapeza, ndinathokoza wodwala, ndinabwerera m'mbuyo. Belu linali lisanalire. Amayi anangoika foni pansi osaseka.

Ndinakondwa, ndisaname. Kenako manyazi anandigwira.

"Pitirizani tsopano, atate. Agogo anati chiyani?"

"Iyayi, ndi zakale izo," anatero akumanga mabatani a malaya. "Wachita bwino. Ukachite chomwecho."

Anatuluka kukaona mtedza umene unali pa dzuwa.

Mayeso ndinakhoza. M'kachipinda kena munali mayi wofuna kundifotokozera za mpongozi wake, ndinamudula mawu mwaulemu, mphunzitsi n'kugwedeza mutu. Zotsatira zitatuluka ndinathamangira kuseri kwa wadi kumene kulibe phokoso, ndinakhala pa njerwa, n'kuimbira atate. Ndinali nditakonzeka kukhala pamenepo ngakhale ola lathunthu. Ndimafuna andiuze za feteleza, za msewu, mwina n'kufika pa ngolo ija.

"Atate, ndakhoza!"

"Ambuye atamandike," anatero. Ndinadikira. Ndimamva nkhuku kumbali kwawoko, ndi mpweya wawo. "Chabwino, adokotala. Ndisakudyereni nthawi."

Ndipo anadula foni.