Chete ndi Galu wa M'khola Lomaliza

Inu amene munauzidwapo kuti "pitani, tikuimbirani" koma foni osalira mpaka lero, sendererani kuno ndikuuzeni za mtsikana wina amene anthu ankamutcha Chete.

Tsiku limene nkhaniyi ikuyambira, Chete anali atakhala pa benchi ya pokwerera basi, yunifolomu ya m'sitolo ataipinda pamiyendo. Anali atangochotsedwa ntchito kachitatu. Mlandu wake unali woti kasitomala anafunsa komwe kuli sopo, ndipo mawu akuti "kumanzere" anamukakamira pakhosi mpaka anthu a pamzere anayamba kuseka.

"Mwanawe, ndiwe wolimbikira," anatero abwana, "koma pano timagulitsa ndi pakamwa."

Chete anali ndi chibwibwi kuyambira ali mwana. Mayeso olemba ankakhoza, koma munthu akangomukalipira kuti "Fulumira!" lilime lake linkauma gwa. Kusukulu ya unamwino anamubweza pa mafunso apakamwa. Pang'onopang'ono anasiya kuyankhula pagulu, ndipo dzina lija linamukhala. Tsiku limenelo basi zitatu zinadutsa iye osakwera, chifukwa ankaopa kukaona nkhope ya mayi ake.

Amene anamutola anali malume ake, mlonda wa pachipatala cha ziweto.

"Kwathu kukufunika wotsuka makola a agalu," anatero. "Ntchito yake ndi yonunkha, koma agalu safunsa mafunso."

Ndipo inalidi yonunkha. Anamupatsa nsapato za labala zazikulu kuposa mapazi ake, fosholo, burashi ndi payipi yodontha pakati. Fungo linkamutsatira mpaka m'basi, moti anthu ankamusiyira mpando wonse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Chete ankayenda motakasuka ngati bwana.

Pachipatalapo panali bambo wina wophunzitsa agalu ovuta. Ogwira ntchito ankamutcha a Chimkuzamawu, koma kumbali, chifukwa akanena kuti "Khala!" ngakhale odikira pa benchi ankakhazikika bwino. Zida zawo zinali unyolo wothina pakhosi ndi kachikwapu.

"Galu amamva chinenero chimodzi basi," ankatero. "Mantha."

Tsiku lina kunabwera galu wamkulu wofiirira, khutu limodzi logwa, chipsera pamphuno. Pakhadi yake panalembedwa kuti Jenerali. Anabwera naye mayi wamasiye, amene mwamuna wake anali wogulitsa nyama. Chimwalirireni bamboyo, galuyu anali ataluma anthu awiri: wowerenga mita ya madzi ndi mlamu wa mayiyo. Eni nyumba imene mayiyo ankachita lendi anali atanenetsa kuti galuyo asabwererenso pokhapokha adokotala atasaina kuti wasintha.

Adokotala, mayi wosachulutsa zonena, anapereka milungu inayi. Akapanda kusintha, jekeseni yomugoneka mpaka kalekale.

"Ife tinalibe mwana," anatero mayi wamasiye uja, akupukuta maso. "Amene amandidikira pageti ndi ameneyu."

A Chimkuzamawu analimbana naye sabata imodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anatuluka m'bwalo buluku litang'ambika kuyambira pabondo mpaka pansi. Analemba pakhadi mawu amodzi, "Sangasinthe," n'kumutsekera m'khola lomaliza, kuseri kwa thanki ya madzi. Pachitseko anamata pepala loletsa aliyense kulowamo.

Chete ankatsuka kholalo ndi payipi ali panja. Anaona zimene ena sankaona. Mawu a a Chimkuzamawu akamveka chapatali, chigalu chonse chija chinkadzipanikiza pakona, miyendo ikunjenjemera. Chete anakuzindikira kunjenjemera kumeneko. Ndi mmene iyenso ankachitira pamzere wa m'sitolo. Anamumvera chisoni galuyo, ndipo anakwiya.

Pashelefu ya m'chipinda chodyera panali kabuku kothothoka chikuto, kofotokoza njira ina: usamulange galu pa cholakwa, umupatse mphoto pa chimene wakhoza, ndipo umuuze nthawi yomweyo, asanaphethire. Chete anawiritsa chiwindi, nachiduladula tizidutswa tonga nsonga ya chala. Pa nthawi yopuma masana ankakhala pansi pafupi ndi kholalo, chammbali, osamuyang'ana galuyo m'maso.

Koma vuto linali lomwe lija. Galu akasiya kuuwa, Chete ankafuna kunena kuti "Wakhoza!" Pofika poti mawuwo atuluke, galu anali atayambanso kuuwa, ndipo zinkakhala ngati akumuyamikira phokosolo. Masiku atatu anapita pachabe. Tsiku lachitatulo analira yekha kuseri kwa thanki, poganiza kuti lilime lake lamulepheretsa ngakhale kwa galu.

Mmawa wake akutsuka makapu, anatola chivindikiro cha botolo la jamu. Atachidina pakati, chinalira kuti twa! Anachidinanso. Twa! Chivindikiro chilibe chibwibwi.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zinayamba kuyenda. Twa, kachiwindi. Galu akakhala chete, twa. Akaponda pansi ndi miyendo yonse inayi m'malo modumphira waya, twa. Akakhala pansi, twa. Pakutha pa sabata, Chete anachita chimene pepala lija linaletsa: anatsegula chitseko n'kulowa. Galuyo anamununkhiza nsapato, kenaka anakhala pansi n'kuyang'ana chivindikiro.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudabwitsa. Akaitana kuti "Jenerali," galuyo sankatembenuka n'komwe.

Yankho linabwera ndi mphaka. Tsiku lina Chete ali m'khola lomaliza, mphaka wa pachipatalapo anaviika mutu m'kapu ya tiyi ya malume, amene anali chapafupi, ndipo malume anakuwa, "Choka!"

M'khola muja galu anadzambatuka n'kuthamangira kuchitseko ndi liwiro loopsa, kukamwa kuli yasa. Malume anabwerera m'mbuyo. Koma Chete sankayang'ana mano. Ankayang'ana kumbuyo, kumene mchira unkagwedezeka mpaka chiuno chonse kuvina.

Ananong'ona, "Ch-ch-choka."

Galuyo anabwera n'kutsamiritsa mutu pabondo lake.

Loweruka mayi wamasiye uja atabwera kudzamuona, Chete analimba mtima. Funso lake linatenga nthawi yaitali, koma mayiyo anadikira.

"A-a-amuna anu... ankamu-mu-muitana bwanji?"

Mayiyo anagwira pakamwa, kenaka anaseka misozi ikutsika.

"Mwana wanga, wandikumbutsa kutali. Ameneyu anali kagalu kongoyendayenda, kankabwera pabutchala. Malemu amuna anga ankati 'Choka!' kwinaku akukaponyera fupa. Tsiku ndi tsiku, 'Choka!' fupa. Atabwera nako kunyumba, ine ndinati galu wa dzina lotero n'zochititsa manyazi, tizimutcha Jenerali. Koma iwo mpaka tsiku lomaliza ankangoti, 'Choka iwe, tabwera kuno.'"

Apa zonse zinaonekera poyera. Wowerenga mita ataona chigalu anakuwa kuti "Choka!" Galu anamva dzina lake, dzina limene anali asanalimve chimwalirireni mbuye wake, ndipo anathamanga mokondwa. Wowerenga mitayo anamulandira ndi mwala pamphuno. Mlamu uja naye anakuwa chimodzimodzi, n'kumulandira ndi mpini wa khasu. Amuitana okha, amumenya okha. Inu mukanatani? Paja akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe.

Chete akanatha kulemba zonsezi papepala, koma anapita mu ofesi ya adokotala n'kuzinena ndi pakamwa pake, thukuta lili kamukamu. A Chimkuzamawu, amene anali momwemo, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndiye wotsuka makola wasanduka mphunzitsi? Ndi chivindikiro cha jamu? Komanso adokotala, mwamva nokha, walowa m'khola loletsedwa."

Adokotala anatembenukira kwa Chete.

"Lamulo waphwanyadi. Kwatsala masiku khumi ndi atatu. Lachisanu lomaliza tidzamuyesa pamaso pa eni nyumba. Akadzalephera, galu alandira jekeseni ndipo iwe udzabweza nsapatozo."

Chete sanafune kumuiwalitsa galuyo dzina lake. Anaganiza zomuphunzitsa kuti akamva "Choka," azibwera ndithu, koma aziima patali pang'ono n'kukhala pansi, kaya woitanayo akukuwa, kaya akutukula manja.

Amene anavutika ndi malume. Tsiku lina ankavala chipewa, lina jasi la mvula, lina ankanyamula ambulera, n'kumalowa pageti akukuwa ngati aona njoka.

"Zaka makumi awiri ndili mlonda," ankadandaula, "lero ndasanduka chidole cha galu. Amayi ako asamve zimenezi."

Sikuti zonse zinkayenda myaa. Tsiku lina malume anatukula tsache, galu anaonetsa mano n'kuthawira pakona, ndipo tsiku lonselo anakana chiwindi. Kunali kutatsala masiku asanu. Chete sanakalipe. Anagoneka tsachelo pansi, kutali, ndipo galu akangoliyang'ana osachita mantha, twa. Mawa lake analisendeza pafupi. Mkuja malume analigwira m'manja osalitukula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachisanu linafika. M'bwalo munali adokotala, eni nyumba, mayi wamasiye uja, ndi wowerenga mita amene anaima pafupi ndi chitseko kuti zikavuta asachedwe. Galu anali pa chingwe chachitali. Aliyense ankadziwa chimene chinali m'kabokosi kamene adokotala anaika pawindo.

Pankafunika munthu woti alowe pageti ngati mlendo. Malume anayamba kuvala chipewa, koma a Chimkuzamawu anawaletsa.

"Amenewa anawazolowera. Ndilowa ine."

Munthu amene galuyo ankamuopa kuposa onse ndi ameneyu.

Geti linatseguka mwaphokoso. A Chimkuzamawu analowa chikwapu chili m'mwamba, nakuwa ndi mphamvu zawo zonse:

"CHOKA!"

Galu anauyatsa ulendo. Fumbi linabuka. Wowerenga mita anapezeka ali kale kuseri kwa chitseko. Mayi wamasiye anatseka maso.

Patatsala mapazi atatu, galuyo anaima. Anayang'ana chikwapu chija, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera. Kenaka, pang'onopang'ono, anakhala pansi n'kutembenuzira mutu kwa Chete.

Inali nthawi ya twa. Koma manja a Chete anali atanyowa thukuta, ndipo chivindikiro chinapulumuka n'kugubuduzikira pansi pa benchi. Panalibe nthawi yochitola. Chinatsala ndi pakamwa pake.

"Wa... wa... wa..."

Mawu anakakamira, monga mwa masiku onse, pamaso pa anthu onse aja. Chete anadikira kuti wina aseke, kapena amumalizire, kapena anene kuti fulumira. Koma galuyo sanasunthe. Anangokhala pomwepo, khutu limodzi lili tcheru, maso ali pa iye, mchira ukusesa fumbi. Ndipo poti galu ankadikira, anthu onse anadikiranso.

"Wakhoza!"

Galu anathamangira kwa iye n'kulandira chiwindi chodzaza dzanja. Malume anaponya chipewa m'mwamba. Mayi wamasiye anagwada n'kukumbatira galu ndi Chete pamodzi, akulira mosabisa. Eni nyumba anapempha kuti ayesenso okha, kenaka wowerenga mita anatuluka kuseri kuja n'kuyesa ndi mawu onjenjemera. Katatu konse galu anabwera n'kukhala pansi.

Adokotala anatenga khadi ija, anafufuta "Sangasinthe," anafufutanso "Jenerali," n'kulemba dzina lenileni. Kabokosi kaja anakabweza mukabati osakatsegula.

"Nsapatozo ubweze ndithu," anauza Chete. "Kuyambira Lolemba sukutsukanso makola. Tili ndi agalu ena asanu ndi mmodzi ovuta."

Lero Chete ali ndi bwalo lakelake lophunzitsira, kuseri kwa nyumba imene amakhala ndi mayi ake. Loweruka lililonse pamadzaza anthu ndi agalu awo: odya nsapato, ouwa alendo, okoka chingwe ngati ngolo. Asanagwire galu aliyense, amayamba wafunsa mwini wake kuti kunyumba amamuyankhula chiyani. Chibwibwi sichinathe. Anthu amangodikira, chifukwa amadziwa kuti chimene chikubweracho n'chothandiza.

Choka anabwerera pageti lake, ndipo wowerenga mita masiku ano amayenda ndi kachiwindi m'thumba. A Chimkuzamawu nawo anthu anawaona tsiku lina ali ndi chivindikiro m'manja. Atafunsidwa, anati amangokonda jamu.

Ndiye inu amene dziko lakhala likukukuwirani kuti "Choka," pa ntchito, pa sukulu, mwina ngakhale pakhomo panu, mverani. Amene analemba kuti simungasinthe sanakufunseni n'komwe mbiri yanu. Chilema chimene ankamuseka nacho Chete n'chimene chinamupatsa maso oona galu wonjenjemera pamene ena ankaona mano okhaokha. Yambani ndi chaching'ono chimene mwakhoza lero, mudziyamikire, mawa muwonjezerepo china. Mawu anu akakakamira pakhosi, musawameze. Alipo amene adzakudikirani mpaka mumalize. Osataya mtima.