Choko Chofiira cha a Wenceslaus

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, a Wenceslaus Mbewe ankadyera maso awo. Ku fakitale ya nsalu ku Kafue ankayendera chitenje chilichonse chotuluka m'makina, ndipo duwa likangopendekeka pang'ono, ankalembapo mtanda ndi choko chofiira, nsaluyo n'kuikidwa pambali. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, itadzaza msika, fakitale inachotsa anthu ambiri. A Wenceslaus anabwera kunyumba ndi kalata yowachotsa ntchito ndi bokosi la choko.

Mkulu wawo ku Petauke analemba kuti abwerere kumudzi mvula isanagwe, munda ulipo. Zinawapweteka mtima. Ana awo anabadwira ku Kafue, ndipo iwowo ankachita manyazi kubwerera chimanjamanja.

Tsiku lina akazi awo, a Ennie, amene ankapikula nsomba ku Chanyanya, anabwera ndi mapale atatu omwe asodzi anafukula m'mbali mwa mtsinje. Anali a miphika ya anthu akalekale, olembedwa mizere yonga minga ya nsomba ndi timadontho tondondozana. Bamboyo anawayang'ana mpaka kuiwala kudya. Anakagula miphika yodzalamo maluwa kwa woumba wa ku Shimabala, penti ndi burashi, n'kuyamba kutengera mizere ija.

Koma dzanja linali lisanazolowere. Mizere inkakana kufanana, ndipo pozungulira mphika sinkakumana bwino. Akamaliza, ankautembenuza nkhope ili gwa ngati akadali ku fakitale, n'kulemba mtanda wofiira kunsi kwake, n'kukauika kuseri kwa nyumba. Miyezi iwiri inatha, mphika umodzi wokha ndi umene unakhoza mayeso, ndipo umenewo anachita kuyeza ndi rula. Mitambo itayamba kusonkhana, anauza a Ennie kuti ayambe kumanga katundu.

Koma a Ennie anali atayamba kale kutapa mobisa mulu wa miphika ya kuseri ija, iwiri lero, itatu mawa, n'kumakaiyala m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Loweruka lake pakhomo panaima galimoto. Anatsika a Gwendolyn, mayi wogulitsa maluwa ku Lusaka, akufuna miphika. A Wenceslaus anathamangira m'nyumba n'kutulutsa wa rula uja. Mayiyo anautembenuza, anayang'ana kunsi, n'kuubweza.

"Iyi iyayi, batate. Nifuna zija zili na ka cross kofiira pansi. Makasitomala banga ndiye zamene bafunsa, bakuti zioneka monga zakudala, za makolo."

A Wenceslaus anacheukira akazi awo, koma a Ennie anali kalikiliki kusanja nsomba ngati sakumva. Mlendo atapita, bamboyo anatenganso limodzi mwa mapale aja n'kuliyang'anitsitsa. Mizere yakenso inali yopendekeka, ina yaitali, ina yaifupi. Anaseka okha mpaka misozi.

Ku Petauke anayankha kuti mundawo abwereke wina. Choko chija chikadalipo, ndipo mphika uliwonse umachoka pakhomo pawo ndi mtanda wofiira.